Ulendo wa ku Mitsinje Yopatulika ya ku India

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ife, yemwe amagwira ntchito m'boma ku nthambi ya za madzi, analankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu kuno ku Mulanje. Tawasindikiza onse kuti amene sanabwere nawonso amve.



Komiti itandilembera kalata, inapempha kuti ndidzanene za ku India, popeza boma linanditumiza kumeneko kukawonjezera maphunziro a za madzi. Ndikudziwa kuti ena mukuyembekeza nkhani ya zipatala, pakuti masiku ano munthu akati akupita ku India timayamba tamufunsa kuti akudwala chiyani. Ine ndasankha nkhani ina. Ndikamba za ulendo umene Ahindu amayenda kupita ku akachisi a m'mizinda ya m'mphepete mwa mitsinje yawo yopatulika, ndiponso m'mene munthu wochokera kuno angaukonzere. Mwina wina afunsa kuti kodi zimenezi zikutikhudza bwanji ife Akhristu ndi Asilamu a m'tsinde mwa phiri lino. Ndiyankha.

Ife amene tinabadwa cha m'ma 1980 sitinaone masitolo a Amwenye pa Chitakale kapena pa Luchenza ali m'manja mwa eni ake oyamba, koma makolo athu anawaona, ndipo makonde aatali aja amene atelala amasokerapo zovala alipobe. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Banda linalamula kuti Amwenye achoke kumidzi akachite malonda awo m'mizinda, ndipo ambiri a kuno analowera ku Limbe. Ochuluka mwa iwo anali Asilamu, koma panalinso Ahindu, makamaka ochokera ku Gujarat. Mmodzi wa Ahindu amenewa anali bambo wina amene anabadwira kuseri kwa sitolo kuno ku Mulanje m'nthawi ya atsamunda, ndipo ankalankhula Chinyanja ndi Chilomwe bwino kuposa ena a ife tili muno. Mwana wawo ndinaphunzira naye ku Polytechnic, imene lero ikutchedwa MUBAS. Bambowo anamwalira, ndipo anatenthedwa monga mwa mwambo wawo, koma anasiya mawu akuti phulusa lawo likathiridwe mu mtsinje wa Ganga. Mnzanga uja anabadwira ku Limbe ndipo ku India sanapondeko. Tsono anabwera kudzafunsa njira kwa ine, Mlomwe wa kwa Mabuka. Tinaseka tonse awiri, koma ntchito ya maliro siithawidwa, choncho tinakhala pansi ndi kuyamba kukonza.

Poyamba ndifotokoze chimene mtsinjewu uli kwa iwo. Ganga, umene Azungu amautcha Ganges, umayambira m'chipale cha m'mapiri a Himalaya ndipo umayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 2,500 kukathira m'nyanja ya Bengal. Ahindu amautcha mayi. Amakhulupirira kuti munthu amabadwa, kufa, ndi kubadwanso kambirimbiri molingana ndi ntchito zake, ndipo chimene amachilakalaka ndi kumasulidwa ku unyolo umenewu. Kusamba mu Ganga amati kumachotsa machimo, ndipo phulusa la womwalira likathiridwa m'menemo mzimu wake umayenda bwino. Ife amene makolo athu ankathira nsembe pa Dziwe la Nkhalamba, amene mpaka lero timatsitsa mawu tikamanena za Sapitwa ndi za Napolo, sitiyenera kudabwa kwambiri. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri lathuli m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo chimene analemekeza ndi chikhulupiriro cha anthu okhala mozungulira phirili, osati kutalika kwake kokha.

Funso loyamba linali lakuti phulusa likathiridwe pati, chifukwa mizinda yopatulika ndi yambiri. Ku Gujarat komweko ambiri amapita ku Chandod pa mtsinje wa Narmada, ena amapita ku Nashik pa mtsinje wa Godavari. Koma popeza malemuwo anatchula Ganga, tinatsala ndi mizinda itatu: Haridwar, Prayagraj ndi Varanasi.

Haridwar ndi umene ndimaudziwa bwino, pakuti ndinkaphunzira ku Roorkee, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pamenepo. Ndi pamalo pamene Ganga amatuluka m'mapiri ndi kulowa m'chigwa, monga m'mene Ruo kapena Lichenya amatsikira m'phiri ndi kulowa m'minda ya tiyi. Madzi ake ndi ozizira zedi ndipo amathamanga, kotero kuti pamalo osambira otchedwa Har ki Pauri anamangirirapo maunyolo oti anthu azigwira posamba. Madzulo aliwonse ansembe amayatsa nyale zazikulu, mabelu akulira, ndipo anthu amayandamitsa tinyale m'timbale ta masamba todzaza ndi maluwa. Mu mzindawo simugulitsidwa nyama kapena mowa. Anzanga ena amene ndikukuonani kumbuyo uko, kumeneko mukanaonda.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ku Haridwar ndi mabuku a mibadwo. Kuli ansembe amene ntchito yawo, yosiyiridwa ndi makolo awo, ndi kusunga maina a mabanja amene amabwera kudzathira phulusa. Banja lililonse lili ndi wansembe wake, molingana ndi mudzi umene makolo ake anachokera. Munthu akafika amatchula mudzi ndi mtundu wake, amamulondolera kwa wansembe woyenera, ndipo iyeyo amafunyulula buku lalitali lopindidwa, n'kuyamba kuwerenga kuti agogo ako anafika kuno chaka chakuti, anabwera ndi akutiakuti, ndipo anasaina apa. Mabuku ena amabwerera m'mbuyo zaka mazana angapo. Mlendoyo asanachoke amalembetsa amene abadwa, amene akwatira ndi amene amwalira m'banja mwake chibwerere wachibale womaliza. Choncho ndinauza mnzanga kuti asananyamule chikwama afunse mayi ake dzina la mudzi wa ku Gujarat kumene agogo ake anachokera, ndi maina a makolo mpaka pamene akukumbukira, chifukwa popanda zimenezi wansembe sangapeze tsamba lawo. Mayiwo anatchula mibadwo inayi osapunthwa. Ndikufunseni inu, ndi angati muno amene angatchule dzina la agogo a agogo awo amene anawoloka Muloza kuchokera ku Mozambique? Ife tinapatsidwa zolembera pasukulu pano, koma zimenezi sitinazilembe.

Pali nkhani inanso ya ku Haridwar imene ife a za madzi timaphunzitsidwa. Njala yaikulu itapha anthu kumpoto kwa India mu 1837 ndi 1838, injiniya wa ku Britain dzina lake Proby Cautley anakonza zokumba ngalande yaikulu yotenga madzi a Ganga pa Haridwar kukathirira minda. Ngalandeyo inatsegulidwa mu 1854 ndipo ikugwirabe ntchito. Sukulu ya ku Roorkee ija inayambika mu 1847 kuti iphunzitse anthu ogwira ntchito zoterezi. Koma ansembe a ku Haridwar anakana kuti mtsinjewo utsekedwe, nati mayi samangidwa. Cautley anasiya mpata pa khoma lake kuti madzi ena azidutsa osatchingidwa. Mkanganowo unabukanso pamene boma la atsamunda linafuna kumanga khoma lokhazikika, ndipo mu 1916 linagwirizana ndi atsogoleri a Ahindu, pakati pawo Madan Mohan Malaviya, kuti madzi opita pamalo osambira aja sadzadulidwa.

Mukuona kale kumene ndikulowera. Bungwe la Blantyre Water Board litafuna kutenga madzi mu Likhubula kupita nawo ku Blantyre, anthu ambiri a kuno anakana kwamtuwagalu, nati madzi apite bwanji kutali pamene eni ake akumwa m'zithaphwi ndipo phiri likutha mitengo. Ntchitoyo inatha mu 2019, madziwo amayeretsedwa ku Nguludi, ndipo ndalama zake zinali ngongole yochokera ku banki ya Exim ya ku India komweko. Ine monga wa m'boma ndikudziwa kuti mzinda wa Blantyre uli ndi ludzu, ndipo sindinena kuti ntchitoyo inali yosayenera. Koma maganizo anga ndi akuti injiniya amene amawerenga malita okha, osafunsa kuti mtsinjewo ndi chiyani kwa amene akhala nawo, amadzipalira yekha mlandu. Cautley anasiya mpata pa khoma, ndipo ngalande yake yatha zaka zoposa 170. Mayi a mnzanga uja atamva kuti Dziwe la Nkhalamba lili pa Likhubula, anapempha kuti titunge botolo limodzi la madzi a mu mtsinjewo, akathire mu Ganga pamodzi ndi phulusa, poti amuna awo anakulira madzi a phiri lino. Botololo liyenera kulowa m'katundu wopita pansi pa ndege, chifukwa m'chikwama cha m'manja salola madzi opitirira mamililita 100.

Mzinda wachiwiri ndi Prayagraj, umene m'mabuku a Geography amene tinkawerenga unkatchedwa Allahabad, mpaka dzinalo linasinthidwa mu 2018. Pamenepa Ganga amakumana ndi Yamuna, ndipo Ahindu amati pali mtsinje wachitatu wosaoneka, Saraswati, umene umafika pansi pa nthaka. Munthu amakwera bwato kukafika pamatsirizo pamene madzi a mitundu iwiri amasakanikirana. Phulusa la Mahatma Gandhi linathiridwa pamenepa mu Febuluwale 1948, ndipo lina linabwera kuno ku Africa n'kuthiridwa mu Nile pa Jinja ku Uganda. Pamenepa ndi pamenenso pamachitikira chikondwerero cha Kumbh Mela, chimene chimazungulira m'mizinda inayi, Prayagraj, Haridwar, Nashik ndi Ujjain, uliwonse kamodzi pa zaka pafupifupi 12. Cha ku Prayagraj chinachitika kuyambira pa 13 Januwale mpaka pa 26 Febuluwale 2025, ndipo boma la kumeneko linalengeza kuti amene anasamba anaposa 660 miliyoni. Ngakhale titachotsapo theka, otsalawo akuposabe anthu a m'Malawi muno kakhumi ndi kuwonjezera. Pa 29 Januwale anthu anapondana m'bandakucha pothamangira kukasamba pa tsiku lopatulika, ndipo boma linavomereza kuti anthu osachepera 30 anafa. Zoterezi zinachitikanso pamalo omwewo mu 1954, pamene anafa mazanamazana. Mayi wokalamba wonyamula phulusa la mwamuna wake sayenera kupezeka m'khamu lotere.

Wachitatu ndi Varanasi, umene ena amautcha Benares, eni ake amati Kashi. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Prayagraj. Uwu ndi mzinda wa mulungu wawo Shiva, ndipo kachisi wake wamkulu, Kashi Vishwanath, anamangidwa m'mene alili lero mu 1780 ndi mfumukazi ya ku Indore, Ahilyabai Holkar. Kale munthu ankafikako podutsa m'tinjira topanikiza tolimbirana ndi ng'ombe, koma mu Disembala 2021 anatsegula njira yotakata yochokera kumtsinje. M'mphepete mwa mtsinje muli masitepe amiyala oposa 80 otsikira kumadzi, aliwonse ndi dzina lake. Ahindu amakhulupirira kuti wofera mu Kashi sabadwanso, choncho kuli okalamba amene amapita kumeneko kukadikira imfa. Pa Manikarnika moto wotentha maliro suzima usana ndi usiku. Ine ndinakulira mwambo woti ana amabisidwa maliro akamadutsa, choncho nditaona mitembo ikutenthedwa poyera, ana akusewera chapafupi ndipo wina akuchapa zovala, miyendo inalefuka. Koma nditakhala kanthawi ndinaona kuti panalibe chipongwe chilichonse. Mwana wamwamuna wamkulu amameta mpala, n'kuvala nsalu yoyera, n'kuyatsa yekha moto wa kholo lake. Kumeta kumeneko ndinakuzindikira, poti nafenso timameta.

Tsopano ndivale chipewa cha ntchito yanga ndinene za ukhondo, ngakhale nkhaniyi ndi yofunika kuisamala pakamwa. Madzi a Ganga ndi opatulika kwa eni ake, koma kumunsi kwa mizinda ikuluikulu ndi oipa, chifukwa zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale zimathiramo. Boma la India linayamba ntchito yoyeretsa mtsinjewu m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2014 linayambitsa ina yaikulu yotchedwa Namami Gange. Komabe mu Febuluwale 2025, chikondwerero chili m'kati, bungwe la boma loona za kuwonongeka kwa chilengedwe linanena kuti m'malo ena pa Prayagraj tizilombo tochokera m'chimbudzi tinapitirira muyezo woyenera kusambamo. Mliri woyamba wa kolera umene unafalikira m'maiko ambiri unayambira kumatsiriro a mtsinje womwewu mu 1817. Ife amene tinataya anthu oposa 1,700 ndi kolera mu 2022 ndi 2023 sitifunika kuuzidwa kawiri. Ndinalangiza banjalo kuti kusamba akasambe ku Haridwar kumene madzi angotuluka kumene m'mapiri, ndipo akumwa azigula a m'botolo lomata. Kadontho ka pamlomo kamene mwambo umafuna, zimenezo ndinawasiyira okha ndi wansembe wawo.

Choncho tinagwirizana kuti phulusa likathiridwe ku Haridwar, kenaka apite ku Varanasi kukapembedza, ndipo Prayagraj akaime tsiku limodzi ngati mphamvu za mayiwo zilola.

Nthawi yoyendera ndi imene inatidyera masiku ambiri. Kuyambira Epulo mpaka Juni chigwa cha Ganga chimatentha kufika madigiri 45, kuposa ku Nsanje mu Okutobala. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kumagwa mvula yaikulu, mtsinje umasefukira ndipo masitepe a ku Varanasi amamira. M'mapiri ndiye moopsa: mu Juni 2013 madzi osefukira anakokolola malo ozungulira kachisi wa Kedarnath ndipo anthu zikwi zingapo, ambiri a iwo alendo okapembedza, anafa. Ife amene tinaona za ku Phalombe mu Malichi 1991 ndi za namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa m'mene phiri limagumukira. Mu Julayi ndi Ogasiti muli mwambo wina umene anthu miyandamiyanda amayenda pansi kukatunga madzi ku Haridwar, ndipo misewu yochokera ku Delhi imatsekedwa. Kumapeto kwa Disembala ndi mu Januwale kumazizira ndipo nkhungu imachedwetsa sitima ndi ndege kwa maola ambiri. Yotsala ndi Novembala, Febuluwale ndi Malichi. Wosankha Novembala awerengere kuti patatha masiku 15 chichitikire chikondwerero cha Diwali, ku Varanasi kumakhala usiku wa nyale umene malo ogona amadzaza ndi kukwera mtengo. Awerengerenso kuti mu 2027 kukuyembekezeka misonkhano ikuluikulu ku Haridwar ndi ku Nashik, ndipo mu 2028 ku Ujjain.

Za njira ndinena mwachidule. Ndege imanyamuka pa Chileka kapena ku Lilongwe, kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Delhi. Viza imatengedwa kudzera ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe, ndipo pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6. Popeza mukudutsa ku Ethiopia kapena ku Kenya, tengani khadi la katemera wa yellow fever, kuopa kusungidwa pa bwalo la ndege. Wonyamula phulusa akhale ndi chikalata cha imfa ndi chikalata chotsimikiza kuti mtembo unatenthedwa, ndipo awauziretu a kampani ya ndege pogula tikiti. Nthawi ya ku India ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka, choncho musamadzutse abale usiku ndi lamya. Kuchokera ku Delhi kupita ku Haridwar pa sitima ndi maola ngati asanu, ndipo sitima yothamanga ya pakati pa Delhi ndi Varanasi imatenga maola ngati asanu ndi atatu. Sitima za kumeneko si zongofika pa siteshoni n'kukwera monga tinkachitira pa Luchenza. Mipando imagulidwa pa intaneti, ndipo kuyambira mu Novembala 2024 imatsegulidwa kutatsala masiku 60, n'kutha msanga. Kwa wokalamba pemphani bedi lapansi, chifukwa m'sitima zogona mabedi amasanjikizana mpaka atatu.

Chovuta chenicheni kwa ife ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo amene anafunapo madola ku banki m'zaka zimenezi akudziwa m'mene mzere wake umatalikira. Banja la mnzanga linayamba kupempha miyezi inayi ulendo usanafike, tikiti ndi viza zili m'manja. Za ku msika wamdima, ine wa m'boma sindikulangizani. Mukafika, sinthani pang'onopang'ono ndipo musunge timarupi tating'onoting'ono ta amabwato ndi osunga nsapato. Kwa ansembe gwirizanani mtengo mwambo usanayambe. Ambiri ndi okhulupirika, koma pamene pali olira sipasowa ofuna kudyerapo, monganso kuno kwathu.

Potsiriza ndinene kwa inu amene si Ahindu koma mudzapezeka ku India pa maphunziro, pa malonda kapena podikirira wodwala, n'kufuna kukaona malo amenewa. Pamasitepe a kumtsinje aliyense amafika momasuka. M'akachisi ndi mosiyana: ena amalola mlendo, ena monga wa Jagannath ku Puri salola amene si Mhindu, choncho funsani pakhomo musanalowe. Nsapato zimavulidwa, mapewa ndi mawondo zimaphimbidwa, ndipo chopereka kapena cholandira chimagwiridwa ndi dzanja lamanja. Pa Kashi Vishwanath mlendo amafunsidwa pasipoti, ndipo lamya ndi kamera zimatsala panja. Pa Manikarnika musajambule, ngakhale wina atakuuzani kuti mumpatse ndalama akulolezeni, chifukwa amenewo ndi maliro a eni ake. Anthu adzakuyang'anani, ena adzapempha kujambulitsa nanu poti munthu wakuda saonekaoneka kumeneko, ndipo mukati mwachokera ku Malawi ambiri adzamva Mali kapena Maldives. Ine ndinkangoti kwathu ndi kumene kumalimidwa tiyi m'tsinde mwa phiri, ndipo ankagwedeza mutu, n'kundiitanira kapu ya tiyi wawo wa mkaka ndi zonunkhira.

Ndasiya kwa a Mlembi pepala la maina a sitima ndi masiteshoni amene ndatchula, kuti wofuna akakopere. A Wapampando, ndaona kuti mwayang'ana wotchi kawiri.